Netbook yakale: Windows 7 kapena antiX, nanga ndalama yoyamba ipite kuti?

Ma netbook, timalaputopu ting'onoting'ono, amene adakali m'manja mwa anthu lero, ambiri anapangidwa pakati pa 2008 ndi 2012. Anayamba ndi a Asus mu 2007 potulutsa Eee PC 701, kakompyuta ka sikirini ya mainchesi 7, kenako Acer, Samsung, HP, Dell, Lenovo ndi MSI onse anathamangira msika womwewo. Pofika kumayambiriro kwa 2013 Asus ndi Acer anali atasiya kuwapanga. Koma timakina timeneti sitinafe ayi. Tikupezekabe m'mashopu ogulitsa makompyuta ogwirapo kale ntchito, tina m'mashelefu a m'maofesi, tina m'zikwama za ana asukulu amene anapatsidwa ndi achibale. Ndipo aliyense amene ali nako amafika pa mphambano yomweyi: ndikhalebe pa Windows imene kanabwera nayo, monga Windows 7 Starter, kapena ndifufute ndiikemo Linux (pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows) yopepuka monga antiX? Ine ndili kumbali ya antiX kwa aliyense wolowa pa intaneti, koma alipo anthu amene ndingawaletse kufufuta Windows, ndipo ndinena chifukwa chake.

Musanasankhe, dziwani kaye purosesa (ubongo wa kompyuta) imene ili mkatimo, pakuti ndiyo imaweruza mlandu wonsewu. Dinani kumanja pa Computer, musankhe Properties, dzina lake lioneka. Intel Atom N270 ndi N280, za mu Eee PC 1000H, Samsung NC10 ndi Acer Aspire One zoyambirira, zimangodziwa mapulogalamu a mtundu wakale wa 32-bit basi. N450, N455 ndi N570 za m'ma 2010 ndi 2011 zimatha kuyendetsa a 64-bit, ndipo eni ake ali ndi mwayi waukulu. Tsono pali gulu lina lovuta: N2600 ya m'ma netbook omalizira, komanso Z520 ndi Z530 za mu Dell Mini 10 ena ndi Aspire One 751h. Mbali yojambula zithunzi ya makina amenewa, GMA 3600 ndi GMA 500, siinapeze madalaivala (timapulogalamu toiyendetsa) abwino pa Linux. Sikirini imaonetsa ndithu, koma kutsitsa tsamba kapena kuonera kanema kumakhala kokoka mwendo. Ngati yanu ili m'gulu limeneli, khalani pa Windows 7, nkhani ya Linux muyiiwale.

Kwa otsalanu, kusiyana koyamba kuli pa RAM, malo amene kompyuta imaikapo zimene ikugwira panthawiyo. Pafupifupi ma netbook onse ankagulitsidwa ndi 1GB. Windows 7 Starter ikangoyaka, musanatsegule kalikonse, imakhala yatenga kale pafupifupi theka lake, ndipo mukawonjezera pulogalamu yolimbana ndi mavayirasi pamatsala pang'ono zedi. antiX ikayaka imadya mozungulira 200MB, nthawi zina kucheperapo. Kusiyana kumeneku simukumva polemba kalata. Mumakumva mukatsegula masamba atatu pa intaneti, kanyali ka hard disk n'kuyamba kuyaka kosalekeza, mausi osasuntha, inu n'kumangodikira manja ali m'masaya. Apo RAM yatha, makina akubwereka malo pa disk imene ndi yochedwa kwambiri.

Pa intaneti m'pamene Windows 7 yagonjeratu. Microsoft inasiya kuyikonza pa 14 January 2020, ndiye kuti mipata yonse imene akuba azipeza kuyambira pamenepo ikhala yotsegula. Chrome inaima pa nambala 109 kumayambiriro kwa 2023, Firefox inaima pa 115. Masamba ena ayamba kale kukana kutseguka bwino, ndipo ine sindingalangize munthu kulowa mu akaunti yake ya kubanki ndi makina otere. Za Windows XP, imene inasiyidwa mu April 2014, ndiye sitinena n'komwe. Ena amathawira ku Windows 10. Imalowa, inde, koma pa Atom ya 1GB imayenda ngati ngolo yodzaza mchenga pa chitunda, komanso nayo inasiya kukonzedwa pa 14 October 2025.

antiX imamangidwa pa Linux ina yotchedwa Debian ndipo imabwera ndi Firefox imene ikulandirabe zigamba zachitetezo. Komabe ndinene chilungamo kwa eni N270 ndi N280: nthawi ya 32-bit ikupita kumapeto ngakhale ku Linux. Ubuntu, Linux ina yotchuka, inasiya kalekale, Debian 13 imene inatuluka mu August 2025 ilibenso choikira cha 32-bit, ndipo Mozilla, eni ake a Firefox, inalengeza mu 2025 kuti Firefox ya Linux ya 32-bit ithera pa nambala 144, kupatula mtundu wa ESR, wolandira zigamba kwa nthawi yaitali, umene anaupatsa kanthawi kowonjezera. Choncho antiX 23, yomangidwa pa Debian 12, ikukugulirani nthawi chabe. Eni N450 kupita mtsogolo aike ya 64-bit, alibe nkhawa imeneyi. Amene maonekedwe a antiX akuwachititsa chilendo ayese Linux ina, Q4OS ya mtundu wa Trinity. Imalemerako pang'ono, koma batani loyambira ndi mafoda zili pamene munthu wozolowera XP amaziyembekezera.

Tibwere ku kulemba, ntchito imene netbook imaigwira bwino koposa zonse. Apa Windows ili ndi mphamvu yeniyeni. Ngati muli ndi Office 2007 kapena 2010, imathamanga bwino pa Atom, ndipo fayilo imene mwalemba imakaoneka chimodzimodzi pa kompyuta ya kuofesi kapena ya aphunzitsi. LibreOffice, imene imalowa m'malo mwa Office pa antiX, imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word, koma pa zolemba za matebulo ambiri, mitu ndi manambala a masamba, zinthu zimasuntha: tebulo limadumphira tsamba lina, zilembo zimasintha. Mankhwala ake n'kusunga ngati PDF musanapite kokasindikiza. Koma ngati ntchito yanu ndi yopatsirana fayilo ndi anzanu, wina akonze apa, wina awonjezere apo, LibreOffice idzakutopetsani. Chimodzimodzinso pulinta. Za HP zambiri zimagwira pa Linux mosavuta, pomwe zina monga Canon LBP2900 zimafuna munthu wodziwa kuti aziike. Mlembi wa mpingo kapena wa sukulu amene netbook yake imangokhala patebulo ndi pulinta yake, osalowa pa intaneti, asafufute Windows. Palibe chimene apindule.

Chokhacho chimene munthu woteroyo ayenera kuchiopa ndi fulashi. Aliyense amene anapitako ndi fulashi kumalo osindikizira mapepala akudziwa zimene zimachitika. Mubwera kunyumba, muilowetsa, mupeza mafoda anu onse asanduka timashotikati tokhala ndi kamuvi pakona, mafayilo enieni osaoneka. Mukadina kamodzi kokha, vayirasi yalowa m'makina, ndipo fulashi iliyonse imene mudzalowetse pambuyo pake idzatenganso matendawo. Pa antiX vayirasi yotere siyenda, chifukwa inalembedwera Windows. Mukatsegula fulashi yomweyo mumaona zonse poyera: mafoda anu amene anabisidwa ali pomwepo, timafayilo tachilendo tothera ndi .lnk ndi .vbs tili pambali, mumangotisankha n'kutifufuta. Kwa wophunzira amene amasindikiza sabata ndi sabata, ichi chokha n'chifukwa chokwanira chosamukira.

Sikirini ya ma netbook ambiri ndi 1024 kwa 600, yaifupi moti mawindo ena amabisa mabatani a OK ndi Cancel kunsi. Pa antiX mumagwira Alt n'kukoka windoyo ndi mausi mpaka batani lioneke. Pa Windows 7 njira ndi Alt ndi Space, kenako M, n'kukankha ndi mivi. Mu Office, Ctrl ndi F1 imapinda mzere waukulu wapamwamba uja, ndipo F11 imapatsa tsamba la pa intaneti sikirini yonse, pa Windows ndi pa antiX pomwe. Makanema musayembekezere zambiri kulikonse: otsitsa kale a 480p amaoneka bwino ndi VLC kapena mpv, koma YouTube ya m'bulawuza imadukaduka, ndipo sindicho cholakwa cha Windows kapena Linux. Purosesa ndiyo yafika pamapeto pa mphamvu zake.

Tsopano za ndalama. Zinthu zitatu zimalimbirana kwacha yanu yoyamba: RAM, SSD (chosungira mafayilo chamakono cholowa m'malo mwa hard disk) ndi batire.

RAM ndiyo yotsika mtengo, ndipo kwa wolowa pa intaneti ndiyo ndingayambe nayo. Malire ake pa makina ambiri a Atom ndi 2GB, pa kabowo kamodzi kokha, ndiye mumachotsa ya 1GB n'kuikapo ya 2GB. Samalani mtundu: N270 ndi N450 zimafuna DDR2, N2600 imafuna DDR3, pomwe N455 imapezeka ndi mtundu uliwonse malinga ndi amene anapanga makinawo. Chotsani yakaleyo mupite nayo kushopu, muyerekeze pamene pali kampata pakati pa mano ake. Pa Samsung NC10 ndi Eee PC 1000H pali kachitseko kunsi, sikuluu imodzi kapena ziwiri, ntchito yatha. Pa Aspire One D255 ndi D257 muyenera kutukula kiyibodi kaye kuti chivundikiro chakunsi chimasuke, ndipo kansalu ka mawaya a kiyibodi n'kosachedwa kung'ambika. Ngati dzanja lanu silinazolowere, perekani kwa okonza. Aspire One yoyambirira ya mainchesi 8.9 ili ndi 512MB yomatiriridwa pa bolodi ndipo imathera pa 1.5GB, kuifikira kwake n'kophwasula makina onse.

SSD imasintha zina. Siiwonjezera masamba amene mungatsegule, koma kuyaka ndi kutsegula mapulogalamu kumafulumira moonekeratu, ndipo RAM ikatha, kubwereka malo kuja sikupweteka monga kale. Ubwino wina umene anthu sauwerengera: hard disk yakale ili ndi mbale zozungulira mkati, yagwira ntchito zaka zoposa khumi, ndipo kugwedezeka kwa m'chikwama pa minibasi kapena panjinga kumaifupikitsa moyo. SSD ilibe chozungulira. Ya 120GB ikukwanirani, ndipo netbook ikadzafa mudzaichotsa n'kukaika mu laputopu ina, zimene simungachite ndi DDR2. Onetsetsani kokha kuti makina anu ali ndi disk ya SATA ya mainchesi 2.5, monga ambiri a 160GB ndi 250GB. Eee PC 701 ndi 901, Dell Mini 9 ndi HP Mini 1000 zili ndi zolumikizira zamtundu wina, SSD wamba siilowa. Amene ntchito yake ndi kulemba kokha ayambe ndi SSD, RAM ibwere pambuyo.

Batire ndimaliika lachitatu, ngakhale kuti magetsi akathima ndi limene timalilira. Vuto n'lakuti ogulitsa ambiri ali ndi mabatire amene akhala pashelefu zaka zambiri, ndipo batire limatha mphamvu ngakhale lisanagwire ntchito. Musagule osaliyesa. Lidzazeni, chotsani chaja, muone ngati likutsika pang'onopang'ono kapena likugwa mwadzidzidzi kuchoka pa 60 kufika pa 5. Pakati pa la maselo atatu ndi la maselo sikisi, tengani la sikisi. Limatuluka kumbuyo kapena kunsi n'kulemetsako makina, koma limakhalitsa pafupifupi kawiri, komanso likatukula kumbuyo mpweya umadutsa bwino pansi. Netbook imadya magetsi ochepa, mawati osapitirira 20 pa ntchito wamba, choncho amene ali ndi sola yaing'ono ndi inveta akhoza kungolisiya batire lakufalo.

Pa chaja pokha ndiye musachite zongoyerekeza. Werengani kapepala kakunsi kwa makina. Eee PC 701 imafuna mavoti 9.5, Eee PC 901 ndi 1000H imafuna 12, pomwe Aspire One, NC10 ndi ma Eee a pambuyo pake monga 1005HA amafuna 19. Kamutu kakhoza kulowa bwinobwino koma mphamvu ili yosiyana, ndipo chaja ya 19 pa makina a 12 ikhoza kuwotcha bolodi. Ma chaja aja okhala ndi timitu tambiri ndi kosinthira mavoti ndi oopsa pa chifukwa chomwechi: kosinthirako kakasuntha m'chikwama simudziwa. Ndipo poti 1000H imafuna 12, musailumikize mwachindunji ku batire la sola, chifukwa batire limenelo likamatchajidwa limakwera kupitirira 14.

Polumikiza intaneti, dongo yakale ya 3G ndi foni yanu zikapikisana, foni imapambana. Simu ndi yomweyo ya TNM kapena Airtel, bandulo ndi yomweyo, liwiro ndi la 4G. Kulumikiza ndi waya wa USB kumagwira pa antiX popanda kuika kalikonse, ndipo n'kothandiza kwambiri kwa eni Dell Mini ndi HP Mini, amene Wi-Fi yawo ya Broadcom nthawi zina imafuna kutsitsa kafayilo kena isanayambe kugwira. Kuipa kwa waya n'kwakuti foni imayamwa batire la netbook. Magetsi kulibe, gwiritsani hotspot, koma muikhazike pa 2.4GHz, pakuti makina ambiri a nthawi imeneyo saona netiweki ya 5GHz. Mausi gulani yawaya: ilibe mabatire ogula, ndipo mabowo a USB alipo atatu pa makina ambiri, okwanira mausi, foni ndi fulashi.

Netbook ilibe poika CD, ndiye antiX imalowa kudzera pa fulashi. Ilembeni pa fulashipo ndi pulogalamu ya Rufus kapena Ventoy pa kompyuta ina. Poyatsa dinani Esc pa Asus, F9 pa HP, F12 pa Acer ndi Dell. Pa Acer muyenera kulowa kaye mu BIOS (tsamba losinthira kayakidwe ka makina) ndi F2 n'kuloleza F12, ndipo pa Eee PC muzimitse Boot Booster, apo ayi makina adumpha fulashiyo. antiX imayenda kuchokera pa fulashi osakhudza Windows yanu, choncho yesani Wi-Fi, mawu, mabatani owalitsira sikirini ndi pulinta yanu musanadine batani loika, ndipo mafayilo anu mukhale mutawakopera kale kwina.