Kusamuka, kugulitsa galimoto kapena kusintha kagulidwe ka chakudya: njira iti imasonkhanitsadi mpamba?

Chisiyireni ntchito yanga ya mu ofesi ku Lilongwe n'kuyamba kuweta nkhuku za nyama, anzanga amene ndinkagwira nawo ntchito akhala akundifunsa funso limodzi lomwelo, lakuti mpamba ndidaupeza kuti poti malipiro athu adali ofanana ndipo tonse tinkafika pakati pa mwezi m'thumba muli mbee. Ena amaganiza kuti ndidatenga ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama la NEEF, ena amati pali mbale wa ku Joni amene adanditumizira ndalama. Zoona zake n'zakuti mpambawo udachokera m'nyumba mwathu momwemo, pa zinthu zimene ine ndi mayi akunyumba tidasiya kulipira kwa zaka ziwiri. Tidayesa njira zitatu zikuluzikulu: kusamukira m'nyumba yotchipa, kugulitsa galimoto, ndi kusintha momwe timagulira chakudya. Njirazi sizidatipindulire mofanana, ndipo imene aliyense amathamangira kukulangizani ndi imene idatipweteka kwambiri.

Choyamba muyenera kudziwa kukula kwa ndalama imene mukusonkhanitsa, chifukwa ambiri amangowerengera mpamba wokha. Munthu amene wasiya ntchito mwa kufuna kwake salandira ndalama imene amapatsidwa anthu ochotsedwa ntchito kampani ikachepetsa antchito. Penshoni, imene wantchito amasonkha 5 peresenti ndipo bwana amaonjezera 10 peresenti, siituluka tsiku limene mwapereka kalata, ndipo sikimu ya kuchipatala imene ofesi inkakulipirirani imathera pomwepo. Choncho matumba ake ndi awiri, lina la bizinesi ndi lina loti banja lidye kwa miyezi isanu ndi umodzi pamene bizinesiyo ikukwawa. Njira iliyonse ndidaiyesa ndi muyeso umenewu.

Ndiyambe ndi nyumba, popeza ndi pamene mtima wanga udakali ndi bala. Lendi ndi ndalama yaikulu kwambiri imene banja la m'tauni limatulutsa kamodzi pa mwezi, ndiye n'zomveka kuti maso amagwera pamenepo. Ife tinkakhala ku Area 18, kumene ndinkatha kufika ku ntchito ku City Centre mosavuta, ndipo kumayambiriro kwa 2023 tidapeza nyumba kupitirira Likuni imene lendi yake idali pafupifupi theka la imene tinkalipira. Idalinso ndi bwalo lalikulu kuseri, moti ndidaona kuti ndikhoza kumangapo khola n'kuyamba kuweta ndisanasiye ntchito. Papepala zonse zinkaoneka bwino.

Ndalama zobisika zidayamba kutuluka tisanalowe n'komwe. Dobadoba amene adatiperekeza ankafuna ndalama yoonera nyumba iliyonse imene watisonyeza, ngakhale imene tidaikana tili pageti, ndipo titagwirizana ndi mwininyumba adafunanso gawo lake lapadera. Mwininyumbayo adati tilipire miyezi itatu pakamodzi. Kumene tinkachokako adatiuza kuti tipente nyumba yonse tisanapereke makiyi, ndipo lole yonyamula katundu idafunanso yake. Titaphatikiza zonsezi tidapeza kuti phindu la miyezi inayi yoyambirira lidali litapita kale.

Zimenezo zikanapiririka chifukwa zimachitika kamodzi. Chimene chidatidya mwakachetechete ndi ulendo wa tsiku ndi tsiku. Kuchokera kunyumba yatsopanoyo munthu amakwera minibasi mpaka ku depoti ya m'tauni, kenako n'kukweranso ina yopita ku City Centre, ndipo madzulo n'chimodzimodzi. Nthawi ya mvula msewu wolowera kunyumbako unkaterera, ndiye pankafunikanso kabaza wa njinga yamoto. Ana awiri amene kale ankayenda wapansi popita kusukulu adayamba kufuna ndalama yokwerera. Mafuta akasowa m'dziko, monga zakhala zikuchitikira kawirikawiri kuyambira 2022, oyendetsa minibasi amakweza mtengo tsiku lomwelo, ndipo amene amakhala kutali ndi amene amaumva kuwawa kawiri. Madzi a pampopi sankatuluka masiku ambiri, moti tinkagula pakiyosiki ndi zigubu, ndipo aliyense amene adawetapo nkhuku akudziwa kuti anapiye 200 sangadikire kuti mpopi ukumbukire kutuluka. Mita ya magetsi tinkagawana ndi banja la m'nyumba ya kumbuyo, ndipo mayunitsi ankatha msanga popanda wovomera kuti ndiye wawamaliza.

Koma chimene sindidzaiwala ndi nkhani ya khola. Ndidapempha chilolezo kwa mwininyumba, bambo wachikulire amene ndinkamulemekeza ngati kholo langa, ndipo adavomera ndi pakamwa pokha kuti ndimange, nanenanso kuti lendi sadzaikhudza kwa zaka ziwiri. Sitidalemberane kalikonse, chifukwa ndinkaona ngati kupempha pepala kwa munthu wamkulu chotero n'kumunyoza. Ndidamanga khola la njerwa zootcha, pansi n'kuthira simenti, pamwamba malata atsopano, m'mbali waya. Gulu loyamba la nkhuku lidakula bwino m'masabata asanu ndi limodzi, ndipo anthu adayamba kubwera pageti kudzagula. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mwezi wotsatira bamboyo adabwera kudzanena kuti lendi yakwera. Kukwera kwa lendi pa nthawi imeneyo sikudali kwachilendo, pakuti chilichonse chidakwera, koma iye adaonjezera kuti popeza pamalopo pakuchitika bizinesi, khola nalo lizilipiridwa padera. Ndinkafunsidwa kulipira lendi pa chinthu chimene ndidamanga ndi thukuta langa. Titalephera kumvana tidachoka, ndipo ndidangotha kuzula malata ndi waya. Njerwa, simenti ndi ndalama ya mmisiri zidatsalira pomwepo. Ndikawerengera chaka chonsecho, kusamukako sikudaonjezere ngakhale tambala imodzi pa mpamba wathu.

Sindikunena kuti kusamuka n'koipa kwa aliyense. Munthu wogwira ntchito ku Kanengo amene wachoka ku Area 47 kupita ku Area 25 watsitsa lendi ndipo wayandikiranso kuntchito, choncho iyeyo wapindula mbali zonse. Koma ngati nyumba yotchipayo ikukuonjezerani minibasi yachiwiri, chotsani kaye ndalama ya maulendo a banja lonse a masiku 22 pa mwezi musanasangalale ndi lendiyo.

Galimoto ndi nkhani ina, ndipo pano ndilankhula mosazungulira: kuigulitsa kudatipatsa ndalama yambiri kuposa njira ina iliyonse. Anthu akamawerengera galimoto amangoona mafuta, amene mu Novembala 2023 yemweyo adachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita ya petulo. Amaiwala inshuwalansi, chiphaso cha COF chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, matayala, batire, ndi masipeya amene amachokera kunja ndipo mtengo wake umatsatira dola. Amaiwalanso kuti mwini galimoto ndiye amene amaitanidwa pa maliro alionse, pa chinkhoswe chilichonse ndi pa matenda a wachibale aliyense, ndipo n'zovuta kupempha abale kuti asonkhe mafuta pamene ali pa chisoni. Kuwawa kwake kulipo ndithu. Usiku wina mwana adatentha thupi ndipo ndidagogoda kwa aneba kupempha thandizo, komanso anzanga ena ankandifunsa ngati zinthu zandivuta. Pa bizinesi yanga galimoto yaing'ono ija sikanathandiza kwenikweni, chifukwa matumba a chakudya cha nkhuku ndimachita hayala kamodzi pa masabata angapo. Amene bizinesi yake ndi yoperekera katundu m'makomo mwa anthu tsiku lililonse aganize kawiri. Chenjezo langa ndi limodzi lokha: ndalama ya galimoto imabwera yochuluka pakamodzi, ndipo gawo limene ndidalisiya likungokhala mu akaunti lidafooka tsiku limene kwacha idagwa, pamene gawo limene ndidagulira malata, zomwera ndi zodyera nkhuku lidasunga mphamvu yake.

Njira yachitatu ndi imene ndimaikonda, ndipo ulemu wake upite kwa mayi akunyumba chifukwa nzeruyo idali yawo. Sitidachepetse chakudya cha ana ngakhale pang'ono. Tidangosiya kugula ufa wa m'mapaketi ndi tindiwo ta tsiku limodzi, n'kuyamba kugula chimanga cha chaka chonse nthawi yokolola, pakati pa Epulo ndi Juni, m'misika ya kunja kwa mzinda monga Mitundu ndi Msundwe, pamene mtengo uli pansi. Chimangacho timachiyanikanso bwino n'kuchisunga m'matumba a PICS amene salowa mpweya, kotero anankafumbwe amafera momwemo popanda kuthira mankhwala, ndipo timapita kuchigayo kamodzi pa mwezi. Madeya ake sataidwa. Nyemba, mtedza ndi mpunga timagulanso chimodzimodzi, ndipo usipa timagula wa chidebe m'malo mwa timilu ta pamsika. Kuseri kwa nyumba kuli kadimba ka mpiru, chinese ndi tomato. Phindu la njirayi lidaonekera poyera mu 2024, pamene ng'amba ya El Niño idachititsa boma kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala, ndipo mitengo ya chakudya idathamanga kuposa malipiro a wina aliyense. Ife tinkadya chimanga chogula pa mtengo wakale. Vuto lake n'lakuti imafuna ndalama yochuluka pa nthawi imodzi ndi malo ouma osungirako, ndipo abale akadziwa kuti m'nyumba muli matumba amabwera kudzapempha, zimene munthu sangakane zonse. Ngakhale zili choncho, iyi ndi njira yokhayo imene idapitirira kutithandiza nditasiya ntchito, chifukwa miyezi imene nkhuku sizidayende malonda nsima sidasowe pakhomo.

Pa zophikira tidasankha gasi pa zakudya zopsa msanga ndi mbaula pa nyemba, popeza magetsi adali osadalirika kuchokera pamene namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Kusiya DStv ndi kuchepetsa mabandulo a intaneti kumathandiza, koma ndi ndalama yaing'ono imene singakutulutseni pa ntchito. Sukulu ya ana sitidaikhudze, ndipo sindingalangize kholo lililonse kuti liyambire pamenepo. Thandizo lopita kumudzi sitidalidule, koma tidakhala pansi ndi makolo n'kugwirizana kuti tizigula feteleza ndi mbewu kamodzi pa chaka m'malo motumiza ndalama nthawi iliyonse foni ikalira.

Ndalama yopulumutsidwayo imafunanso pokhala, apo ayi imasungunuka osadziwa kumene yalowera. Ya pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ili pafupi kwambiri ndi chala, ndipo potapa pamadulidwa kenakake. Banki mkhonde imene mayi akunyumba adalowa idatipatsa phindu looneka pogawana mu Disembala, koma magulu ambiri amafuna kuti membala aliyense azikongola kuti thumba likule, ndipo munthu amene cholinga chake n'kusunga amapezeka akubweza chiwongoladzanja pa ngongole imene sadaifune. Chipereganyu n'chabwino pogulira chinthu chimodzi chachikulu, monga chimanga chija, malinga anthu ake ndi okhulupirika. Ine gawo lalikulu ndidaliika ku SACCO ya kuntchito, bungwe limene mamembala amasungako ndi kubwerekako ndalama, kumene ankadula pa malipiro ndisanawaone, ndipo mtima unkakhala m'malo podziwa kuti mabungwe otere amayang'aniridwa ndi Reserve Bank. Funsani msanga kuti masheya anu adzatuluka patapita nthawi yaitali bwanji mukadzasiya ntchito, chifukwa sapereka tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti m'chaka ngati 2024, pamene kukwera kwa mitengo kudapitirira 30 peresenti, ndalama yongosungidwa inkatha mphamvu kulikonse kumene ili, choncho zipangizo zimene mukudziwa kuti bizinesi idzazifuna ndi bwino kumagula pang'onopang'ono mudakali pa ntchito.

Sabata yatha mnzanga wina amene tinkakhala naye ofesi imodzi adandiuza kuti wapeza nyumba yotchipa ku Lumbadzi yokhala ndi bwalo lalikulu, ndipo akufuna kumangapo khola la nkhuku zoikira mazira. Ndidamuuza kuti agulitse kaye galimoto, agule chimanga chikangoyamba kuuma, ndipo za kusamukazo aziganize pomalizira. Ngati asamukabe, alemberane ndi mwininyumba pamaso pa mboni za lendi, za nthawi imene ingakwere, ndi za mwini wa chilichonse chimene chidzamangidwe pamalopo. Kholalo amange la mitengo, waya ndi malata, loti akhoza kuliphwasula n'kulikweza pa lole tsiku limodzi, monga lilili langa panopa.