Mustang, Camaro kapena Charger: iti yoti ikhale m'galaja mwanu?

Okonda magalimoto akale a ku America sasiya kukangana za atatuwa, koma ambiri amangokanganira zithunzi. Pano tiyerekeze ngati anthu ofuna kugula imodzi, kuikonza n'kumaiyendetsa.

Ford Mustang inatuluka pa 17 April 1964 pa mtengo wa $2,368, ndipo zaka ziwiri zisanathe zinali zitagulidwa zoposa miliyoni imodzi. Kunsi kwa thupi lokongolalo kunali zitsulo za Falcon, galimoto wamba yapabanja. Kuchulukako ndi kumene kukuithandiza lero, chifukwa masipeya ake ali mbwee, moti kampani ya Dynacorn imagulitsa ngakhale thupi lonse latsopano. Matenda ake ndi dzimbiri pa timipata tolowetsa mpweya tomwe tili kutsogolo kwa galasi lalikulu. Mukapita kukaiona, tsirani madzi pa timipatato kenako mugwire kapeti pansi pa dashibodi. Ikanyowa, dziwani kuti pali ntchito yodula ndi kuwotcherera, ndipo siyotchipa. Za 1967 kupita mtsogolo zili ndi ubwino wina: pali chikalata chotchedwa Marti Report, chochokera m'mabuku a Ford, chomwe chimanena injini ndi utoto umene galimotoyo inatuluka nazo ku fakitale.

Chevrolet inachedwa kuyankha, Camaro inayamba kugulitsidwa mu September 1966. Koma pa kona, Camaro ya mtundu wampikisano yotchedwa Z/28 imagwira msewu mosakayikitsa. Injini yake ya 302 (nambalayi ndi kukula kwa injini m'makyubiki inchi, pafupifupi malita 5) anaipanga dala kuti ilowe mu mpikisano wa Trans-Am, womwe sunkalola kupitirira malita 5, ndipo dalaivala Mark Donohue anapambana nayo mu 1968 ndi 1969. Injiniyi imakonda kukalipa. Pang'onopang'ono m'tauni imakhala yaulesi, imadzuka mukaiponda. Chosautsa n'chakuti nambala ya chasisi ya 1969 sinena ngati galimotoyo ndi Z/28 yeniyeni. Mizere ya pa boneti ndi zilembo za pa giriro aliyense akhoza kumata, ndiye zonamizira zachuluka. Wopanda mapepala akale musamulipire mtengo wa Z/28.

Ikatchulidwa Dodge Charger ya 1968 mpaka 1970, ngakhale eni Mustang amayamba akhala chete. Ndi yaikulu kuposa zinzakezi, nyali zake zimabisala, ndipo ndi imene imatsatiradi njira yomwe Pontiac GTO inatsegula mu 1964, yoika chiinjini chachikulu m'galimoto yapakatikati. Charger ya mtundu wamphamvu yotchedwa R/T inkabwera ndi injini ya 440 Magnum ya malita 7.2, yolembedwa 375 hp. Wandalama ankasankha 426 Hemi ya 425 hp, ya makabuleta awiri, yomwe imafuna makaniko woidziwa bwino, apo ayi izingotsokomola. Kwa ine 440 ndi imene munthu angakhale nayo mwamtendere. Mu filimu ya Bullitt ya 1968, Mustang yobiriwira ya Steve McQueen inathamangitsa Charger yakuda m'zitunda za San Francisco, ndipo Mustang imeneyo inagulidwa $3.74 miliyoni mu 2020. Komabe ambiri akaoneranso, maso amakhala pa yakudayo.

Chikondi chimenechi chimadula. Ma Charger anapangidwa ochepa poyerekeza ndi Mustang, ena anaphwanyidwa pojambula za pa TV, ndipo otsalawo dzimbiri linawadya m'mphepete mwa galasi lakumbuyo mpaka pansi pa buti. Chabwino chake, nambala yake sinama: R/T yeniyeni imayamba ndi XS29.

Nyengo yonseyi inatha msanga. Inshuwalansi inakwera kwa achinyamata, lamulo la Clean Air Act la 1970 linapanikiza za utsi, Hemi inathera mu 1971, kenako vuto la mafuta la 1973 linamalizitsa. Tisaiwalenso kuti zambiri zinkatuluka ndi mabuleki a dramu, liwiro lambiri koma kuima movutikira. Iliyonse imene mungagule, yambani mwaika madisiki kutsogolo musanaganize za utoto.

Kwa ife oyenda kumanzere kwa msewu, kaya ku Lilongwe, Johannesburg kapena London, zonse zitatu zinachoka ku America chiwongolero chili kumanzere (Mustang ya chiwongolero chakumanja yochokera ku fakitale inabwera mu 2015). Kudutsa thiraki kumafuna mnzanu wokuonerani, ndipo ukulu wa Charger umavutitsa kwambiri pamenepa. Funsaninso malamulo olembetsera galimoto yotere m'dziko lanu musanatumize ndalama.

Ine ndingatenge Mustang ya 1967 kapena 1968 ya injini yaing'ono, 289 kapena 302. Siimwa petulo ngati 440, makaniko wodziwa kabuleta aikwanitsa, ndipo sipeya ikasowa imapezeka pa intaneti. Camaro ndi ya munthu wokonda makona amenenso ali ndi nthawi yofufuza mapepala. Charger igulidwe ndi amene ali ndi ndalama ya galimoto ziwiri, imodzi yogulira, ina ya wowotcherera.