Penti wa Vallejo Model Color pa tiasilikali tokwera akavalo

Kwa miyezi itatu tsopano ndakhala ndikugwiritsa ntchito penti wa Vallejo Model Color, wopangidwa ku Spain, popenta tizidole ta asilikali totalika mamilimita 28 tomwe timafoletsa patebulo posewera nkhondo zakale. Achimwene anga ndiwo anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg, popeza kuno ku Salima sindinamuonepo m'sitolo.

Ndinayamba ndi gulu la asilikali a Britain lotchedwa Scots Greys, lomwe linathira nkhondo asilikali a France ku Waterloo, m'dziko lomwe lero ndi Belgium, pa 18 Juni 1815 litavala majekete ofiira ndi zipewa zazitali za chikopa cha chimbalangondo, litakwera akavalo otuwa. Kavalo wotuwa ndiye amaulula penti, chifukwa ukamupaka mtundu umodzi wokha amangooneka ngati mtanda wa kondoole. Penti ameneyu amasungunuka ndi madzi, choncho ndinapaka mopyapyala katatu, kuyambira kotuwa koderako kumimba ndi m'miyendo mpaka koyererako pamsana, ndipo minofu ya m'khosi ndi zingwe za pakamwa zinaonekabe bwinobwino. Wofiira amafuna kudekha, pakuti pamwamba pa penti wakuda woyambira amazimirira, pomwe pa woyera amawala.

Kabotolo kake kamatulutsa dontho limodzilimodzi, choncho wotsala mkati sauma. Komabe kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja kumaumitsa dontholo burashi isanabwererenso, n'chifukwa chake ndimadonthezera pa pepala lophikira makeke loyalidwa pa siponji yonyowa. Musanatsegule, khutchumulani kabotoloko kwa mphindi yathunthu, chifukwa penti amadikha pansi.