Mwabwera kumudzi patapita zaka: basi, galimoto yobwereka kapena Ilala?

Amene munachoka kuno ndalama yaikulu ili K500 mudzapeza K5000, yomwe inatuluka mu 2022, ndipo nayonso sichedwa kutha m'thumba. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Choncho mitengo ya maulendo imene mukuikumbukira muisiye pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena la Chileka.

Ambiri akangotsika ndege amathamangira kubwereka galimoto yoyendetsa okha. Ubwino wake ndi woonekeratu. Mumaima pamene mwafuna, pa Lizulu kugula mbatata ya kachewere ndi tomato, kapena kukhota kutsetsereka ku Golomoti kukaona nyanja. Katundu wa abale amakwananso. Koma galimoto imafuna mafuta, ndipo kuyambira 2022 mafuta akhala akusowasowa. Tsiku lathunthu la tchuthi lingathere pamzere, apo ayi mugule a m'zigubu pa mtengo woboola m'thumba, osadziwa kuti asakanizamo chiyani. Pa M1 pali mageti olipiritsa, wa Chingeni ndi wa Kalinyeke ku Dedza, omwe kale kunalibe. Chimene chimadabwitsa kwambiri obwera kuchokera ku Joni kapena ku UK ndi akabaza a njinga zamoto. Amatulukira mbali iliyonse, ena atanyamula anthu atatu. Ngakhale Lilongwe amene mumati mumamudziwa asokoneza mutu: pa Area 18 pomwe panali raundabauti pali msewu wam'mwamba. Usiku osayendetsa n'komwe.

Basi yaikulu ndiyo ine ndimaikonda pa ulendo wa tauni ndi tauni. Mabasi a UTM ndi Stagecoach anapita kalekale, pano mudzamva za AXA, Sososo ndi Kwezy. Mumagula tikiti, mpando ndi wanu nokha, ndipo mtunda wa makilomita opitirira 300 wochokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe mumauona bwino pazenera, kuphatikizapo paja msewu umayenda m'malire, kuno Malawi uko Mozambique. Za mafuta amadandaula ndi eni basi. Vuto lake n'lakuti imakutulani pa depoti, pomwe agogo ali kutali ndi tala. Apo ndi pamene mumakumana ndi masiyenta, timagalimoto ta Toyota Sienta tomwe talanda malo a matola. Timathamanga, ndipo anthu amapanikizana mopitirira mipando. Ngati muli ndi masutikesi, lipirani galimoto yonse mukwere nokha. Kumbali ya Mulanje ndi Phalombe yambani mwafunsa za milatho, pakuti namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anaononga misewu yambiri kumeneko.

Ilala ndi nkhani ina. Sitimayi yakhala pa nyanja kuyambira 1951, ndipo kamodzi pa sabata imachoka ku Monkey Bay kupita ku Chilumba, kudzera ku Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay. Wofulumira asayerekeze, chifukwa nthawi yofika imadalira katundu ndi mphepo, makamaka mwera wa mu Juni ndi Julaye. M'malo ngati Ruarwe mumatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Komabe ngati mtima wanu ukufuna Malawi amene sanasinthe kwenikweni, ali m'menemo, pakati pa matumba a usipa ndi chimanga.

Ndiye wobwera kudzakhala masabata awiri ndingamuuze chiyani? Akwere basi yaikulu mpaka tauni yapafupi ndi kwawo, kenako abwereke galimoto pamodzi ndi dalaivala wake kwa masiku ochepa ozungulira abale. Dalaivala wakomweko amadziwa kumene kwafika mafuta lero ndi msewu umene wadulidwa ndi mvula. Mukangofika mugule simu kadi, mulembetse ndi chiphaso chanu, muikemo Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa madalaivala ambiri pano amalandira ndalama pafoni.