Kuwiritsa, kuviika mu ethanol, Soxhlet kapena ultrasound: ndi iti imakoka bwino ma antioxidant m'masamba?

Anzanga amene mukulimbana ndi masamba a chammwamba, gwafa kapena mango kuti mupezemo ma antioxidant (zinthu zothandiza kuteteza maselo kuti asaonongeke), ndinene poyambirira pomwe kuti ine ndili mbali yoviika mu ethanol wosakaniza ndi madzi, koma zinazi nazo zili ndi malo ake.

Kuwiritsa m'madzi ndi komwe tonse timayambira, palibe chogula komanso palibe poizoni. Madzi otentha amakokadi ma antioxidant ena, mangiferin wa m'masamba a mango amatuluka, ma tannin a gwafa nawonso, mukalawa m'kamwa mumachita kukhakhala. Vuto ndi loti madzi amawira pa 100°C ndiye vitamini C amaonongeka, komanso quercetin amene sanagwirane ndi shuga sasungunuka bwino m'madzi, wambiri amangotsalira m'zinyatsi mukutayazo. Madziwo amatenganso shuga ndi zonanda, mukangosiya masiku ochepa achita kale chuku.

Ethanol ndiye nkhani ina. Musathamangire wa 96% poganiza kuti waukali ndiye wabwino, ameneyo amakoka chlorophyll wambiri botolo lonse biriwiri, mumasangalala ndi mtundu pomwe zomwe mukufunazo sizinachuluke. Pakati pa 50% ndi 80% ndi pomwe pamayenda bwino, ine ndimakonda 70%, chifukwa madziwo amafewetsa ndi kutupitsa ufa wa masamba pomwe ethanol akulowa kukasungunula ma flavonoid monga quercetin ndi kaempferol, awiriwa m'chammwamba alimo. Magalamu 10 a ufa mu 100 ml, botolo lakuda lotseka bwino, kumakhutchumula pafupipafupi kwa masiku awiri kapena atatu, kusefa, kenako zotsalazo kuziviikanso kachiwiri, ambiri amaleka pa ulendo woyamba ndipo amataya zambiri. Ubwino winanso ethanol amawira pa 78°C, ngati labu yanu ili ndi rotavapor (makina ochotsa ethanol ngati nthunzi pochepetsa mpweya m'botolo) mumamuchotsa pa 40°C basi osapsereza kanthu. Kungoti amayaka msanga, moto ukhale kutali. Ndipo chonde methanol ayi ngati chinthucho chidzalowe m'thupi la munthu, inde amakoka bwino ndipo ma labu amamugwiritsa ntchito poyeza, koma amachititsa khungu ndiponso amapha. Spiriti wapepo uja nayenso musamuyese, amathiramo dala zinthu zoti asamwedwe.

Soxhlet ndi njira yakale yogwiritsa chipangizo chagalasi, Franz von Soxhlet anaikonza mu 1879 pofuna kuchotsa mafuta, osati ma polyphenol (gulu la ma antioxidant monga mangiferin, ma tannin ndi ma flavonoid). Ethanol amawira, nthunzi imakwera, imazizira n'kudonthera pa ufa, ikadzaza imabwerera pansi, choncho choncho kwa maola 6 kapena kupitirira. Imakama tsamba mpaka kutheratu, pamenepo palibe kutsutsa, n'chifukwa chake ndi yabwino poyerekezera njira zina. Koma taganizani, zomwe zatuluka ola loyamba zimakhala zikuwira m'flaski maola onse otsalawo. Kulemera kwa zomwe mwapeza kumaoneka kwakukulu koma zina zosalimba ku moto zapita.

Ultrasound (mafunde a phokoso losamveka ndi khutu la munthu) sindiiona ngati mdani wa kuviika, ndi mthandizi wake. Ethanol yemwe uja, botolo lomwe lija, mwaliika m'bafa la madzi lotulutsa mafundewa pa 40 kHz, timathovu ting'onoting'ono timapangika n'kuphulika pafupi ndi ufa, makoma a maselo amang'ambika ndipo ntchito ya masiku atatu imatheka m'mphindi 30. Chosamala ndi kutentha, madzi a m'bafamo amafunda okha pang'onopang'ono, muziponyamo ayezi asapitirire 50°C.

Ya supercritical CO2 (mpweya wa carbon dioxide wopanikizidwa kwambiri mpaka kumasungunula zinthu) ndingoidutsa. Imafuna 31°C ndi mphamvu yoposa 73 bar, makina ake ndi a mafakitale, imachita bwino pa carotenoid (zopatsa zomera mtundu wachikasu kapena wofiira) koma pa ma polyphenol imafunanso kuthiramo ethanol yemweyo.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi kuona anthu akukangana za njira pomwe masamba anawayanika padzuwa lamphamvu kapena kuwaunjika aawisi mpaka kuda. Kudako ndi enzyme ya polyphenol oxidase ikudya zomwe mukufunazo musanayambe n'komwe. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo kapena mu uvuni wa 40°C mpaka 50°C, sinjani, sefani, ndipo poyerekeza gwiritsani ufa umodzi womwewo pa njira zonse, apo ayi mukuyerekeza masamba osati njira.

Poyeza zomwe mwakoka pali njira ziwiri: DPPH, yoyeza mphamvu ya antioxidant, imayamba yapepo n'kusanduka yachikasu, mumawerenga mtunduwo pa makina oyeza kuwala pa 517 nm, ndipo Folin-Ciocalteu, yoyeza kuchuluka kwa ma phenol, pa 765 nm molinganiza ndi gallic acid. Folin imawerenganso vitamini C ndi shuga wina ngati ma phenol, ndiye zamadzi zija zikhoza kuoneka zamphamvu kuposa mmene zilili, yezani ndi njira ziwiri zonsezi. Komanso zomwe zachitika m'chubu si zomwe zichitike m'thupi, nambala ya DPPH isakupangitseni kuuza wodwala kuti asiye mankhwala ake.