7Hz Salnotes Zero: mawu a oimba amamveka mbee, besi ndi yoyeza

Timahedifoni ta m'khutu iti ndinachita kuitanitsa kunja kudzera mwa mnzanga wochita malonda, ndipo kumeneko mtengo wake unali pafupifupi madola 20. Ndimaimba tena m'kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Chinamwali, ndiye chimene ndimafunitsitsa n'kumva mawu a gulu lililonse paokha ndikamaphunzira nyimbo pafoni. Apa tandikwanira. Alto sabisalanso kumbuyo kwa soprano, ndipo mtsogoleri akapuma mpweya asanayambe ndime, ndimamumva.

Si mwangozi ayi. Khutu lathu mwachibadwa limakweza mawu a pafupi ndi 3 kHz (Hz ndi kHz ndi miyeso yosonyeza ngati liwu ndi lam'mwamba kapena lapansi), ndipo kachipangizo kolowa m'kati mwa khutu kamayenera kubwezeretsa zimenezo, apo ayi oimba amamveka ngati ali kuseri kwa chitseko. Sean Olive ndi anzake ku kampani ya Harman anafufuza kamvekedwe kamene anthu ambiri amakakonda, ndipo muyeso wawo wa timahedifoni ta m'khutu unatuluka mu 2017, n'kukonzedwanso mu 2019. Zero ili pafupi ndi muyeso umenewo, kungoti besi yake ndi yocheperako.

Besi imeneyi ndi imene tinasiyanirana maganizo ndi mng'ono wanga. Iye ndi wa amapiano, amafuna ng'oma yomugwedeza pachifuwa. Atangomvera anandibwezera n'kuti, "Achimwene, izi zilibe nyama." Sindinamutsutse, makutu ndi ake. Koma ndinaona kuti anavala ndi timphira tating'ono kwambiri. Mphira ukapanda kutseka khutu bwinobwino, mpweya umathawa ndipo besi imathawa nawo limodzi. M'bokosi mumabwera timphira ta misinkhu yosiyanasiyana, musatitaye. Atavala tokulirapo nkhope inasintha. Kenako tinalowa mu Wavelet, pulogalamu yosinthira kamvekedwe ka mawu, pafoni yake ya Android n'kukweza mawu a pansi pa 100 Hz ndi ma dB atatu (dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso). Pano amabwereka akamakwera minibasi yopita ku Limbe, ngakhale akuti akadzapeza ndalama adzagula za besi yochuluka. Ndipo adzachita bwino, chifukwa wokonda kugunda kwa ng'oma safunika kudzikakamiza kukonda zimene ine ndimakonda.

Ineyo besi sindiikhudza. Ndimangotsitsa pang'ono pa 6 kHz ndikamamvera nyimbo zojambulidwa ndi foni m'tchalitchi, chifukwa mawu a "s" ndi maseche amabaya ukamvera nthawi yaitali.

Chingwe chake n'chochotseka, cha timapini tiwiri ta 0.78 mm. Chikaduka mumangosintha chingwecho, osati kutaya zonse monga timachitira ndi za pamsika zija. Ngati foni yanu ilibe bowo la mahedifoni la 3.5 mm, mufunika kachingwe kolumikizira ka USB-C.

Popeza timatseka phokoso lakunja, simufunika kukweza voliyumu kwambiri. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera mawu a 80 dB. Koma chonde, mukamadutsa pamsika waukulu kapena padepoti, chotsani kamodzi, chifukwa wakabaza akamaliza hutala kumbuyo kwanu simumumva msanga.

Kwa oimba m'kwaya, oimba gitala ndi omvera maulaliki, ndikupereka nyenyezi zisanu. Wa amapiano ayambe wabwereka kwa mnzake, ayese ndi timphira tomukwana, ndiye aone ngati n'koyenera kutulutsa ndalama.