Chipolopolo cha mkuwa kapena cha mtovu posaka pronghorn?

Pronghorn ndi nyama yakutchire ya ku North America yooneka ngati gwape, ndipo ndi yochepa thupi. Yamphongo yaikulu imalemera makilogalamu pafupifupi 55, chikopa chake n'chopyapyala, mafupa ndi osalimba. Ukaisenda n'kuchotsa mafupa, nyama yotsala ndi yochepa kale, ndiye chipolopolo chikakuphwanyira phewa limodzi waluza zambiri.

M'zidikha za ku Wyoming ndi Montana, ku America, mulibe pobisala, ndipo nyamayi imakuona uli kutali. N'chifukwa chake alenje ambiri amakonda zipolopolo za mtovu zothamanga, zosweka msanga, monga Nosler Ballistic Tip ndi Hornady SST, mu mfuti ya .243 Winchester kapena .25-06. Pa mamita 300 ndi zabwino ndithu: liwiro limakhala litachepa, chipolopolo chimafutukuka bwino m'mapapo, nyama imagwera pomwepo. Koma si tsiku lililonse imaima patali. Ine inanditulukira kuseri kwa kachitunda, pa mamita osakwana 80, ndili ndi chipolopolo chofewa cha mtovu, ndipo ndinamenya fupa la phewa. Posenda ndinapeza magazi akuda oundana atalowerera pakati pa minofu mpaka kukhosi, zidutswa za fupa, ndi timitovu tonyezimira pampeni. Mwendo wonsewo ndinataya, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Za mkuwa wokhawokha, monga Barnes TTSX ndi Hornady CX, sizisweka choncho. Kumutu kwake kumangotseguka ngati duwa, chipolopolo n'kuboola, n'kutulukira mbali inayo chisanapunguke kulemera. Bala limakhala lochepa, umangodula m'mphepete pang'ono. Mulibenso mtovu woti ana adye mu nyama yogaya. Ku California kusaka ndi mtovu n'koletsedwa kuyambira pa 1 July 2019. Chofooka chake n'chakuti mkuwa ndi wouma, umafuna liwiro kuti utseguke. Chipolopolo chikafika pa nyama liwiro litatsikira pansi pa mafiti 2,000 pa sekondi, ine sindichikhulupiriranso. Choncho tengani chopepuka: mu mfuti ya 6.5 Creedmoor, cha ma grain 120 (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) chimathamanga kuposa cholemera. Dziwaninso kuti pronghorn yolasidwa ndi mkuwa nthawi zina imathamanga kaye pang'ono isanagwe, koma pamalo oyera chonchi simungaitaye.

Pakati pa mitundu iwiriyi pali zipolopolo za kampani ya Nosler zotchedwa AccuBond ndi Partition, yomwe ilipo kuyambira 1948. Zimataya mtovu pang'ono kutsogolo, kumbuyo kumakhala kwathunthu. Ngati mfuti yanu ikukana kulunjika ndi mkuwa, pitani pamenepo.

Ine ndili kumbali ya mkuwa, makamaka chifukwa umakhululuka dzanja likalakwa n'kugunda fupa. Komabe lozani kuseri kwa phewa, panthiti, podikira kuti nyama iime cham'mbali. Ndipo musaiwale ayezi m'galimoto: nyengo yosakayi masana kumatha kutentha, choncho chikopa chichoke msanga, ubweya usakhudze nyama.